Kamera ya magemu imene ikutola fumbi ku Chinamwali

Pamwamba pa shelefu, m'kashopu ka magemu ka alamu anga ku Chinamwali, pali kachipangizo kakuda, kotalika ngati rula ya kusukulu, kokhala ndi timaso titatu kutsogolo. Dzina lake ndi Kinect. Fumbi lakakuta moti mukhoza kulembapo dzina lanu ndi chala.

Alamuwo anakagula zaka zingapo zapitazo kwa mnyamata wina wogulitsa zamagetsi za kaunjika kufupi ndi msika waukulu wa Zomba, pamodzi ndi makina akale osewerera magemu a Xbox 360. Sabata yoyamba kunali ngati kwabwera gule. Ana ankathamanga kudzaona gemu yosewera popanda padi (chogwirira cha mabatani chosewerera gemu) m'manja: umangoima kutsogolo kwa TV, ukakweza mkono kamunthu ka pa sikirini nako kakweza, ukalumpha nako kalumpha. Pakhomo panadzaza mpaka anyamata a kabaza ankaimika njinga n'kumasuzumira pamwamba pa mitu ya ana. Sabata yachitatu isanathe, kachipangizoko kanakwera pa shelefu ndipo sikanatsikenso.

Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyankha uku akupukuta padi ndi kansanza: "Alamu, oonerera salipira. Malo amene mwana mmodzi akuvinapo ndi amene ndimaikapo mabenchi awiri a anyamata a mpira."

Ndinaseka tsiku limenelo, koma yankho lawolo landikhala m'mutu, chifukwa zimene zinachitika m'kashopu kameneka zinachitikiranso makampani a ndalama zankhaninkhani ku America ndi ku Japan. Kangapo konse ayesa kugulitsa chipangizo chapadera, chogula munthu akafuna, choti makina a magemu azitha kuona kapena kumva mmene thupi likuyendera. Kangapo konse chipangizocho chagulidwa mwa chipwirikiti, kenako n'kukathera pa shelefu. Funso loti kodi chinthu chotere chingapambane lili ndi mayankho awiri, kutengera zimene tikutcha kupambana. Kugulidwa chimagulidwa ndithu. Koma kukhalitsa, kuti papite zaka zisanu anthu akuchilumikizabe ku TV ndipo opanga magemu akuchipangirabe zatsopano, n'kumene kumavuta.

Mmene makina amaonera thupi

Moto wonsewu unayatsidwa ndi kampani ya Nintendo m'chaka cha 2006 ndi makina ake otchedwa Wii. Padi yake inali ngati rimoti ya TV. M'kati mwake munali kachipangizo kotchedwa accelerometer, kofanana ndi kamene kali m'foni yanu kamene kamatembenuza chithunzi mukaigoneka chammbali. Kamamva kugwedezeka ndi kupendekeka. Kunsonga kwa rimotiyo kunalinso kakamera kakang'ono. Anthu ambiri ankaganiza kuti kandodo kamene kankaikidwa pamwamba pa TV ndi kamene kankawaona, pomwe zoona zake kandodoko sikaona kanthu. Kamangoyatsa timagetsi kumapeto onse awiri, totulutsa kuwala kwa infrared kumene maso athu sakuona, ndipo kakamera ka mu rimoti kamayang'ana madontho awiriwo kuti kadziwe kumene mwaloza. Ndiye chifukwa chake kandodoko kakawonongeka mukhoza kuyatsa makandulo awiri, lina kuno lina uko pafupi ndi TV, rimoti n'kumagwira ntchito bwinobwino. Luso limeneli likanatiyenera ife amene kandulo satisowa m'nyumba, kungoti TV imafunabe magetsi.

Wii inagulidwa yoposa 100 miliyoni. Koma tigwire mfundo imodzi: pa Wii, kusewera ndi thupi sikunali kogula padera. Aliyense wogula makinawo ankapeza rimotiyo m'bokosi, ndipo m'mayiko ambiri ankapezamonso gemu ya Wii Sports yokhala ndi tenesi, nkhonya ndi masewera ena. Agogo amene sanagwirepo padi ankatha kusewera tsiku lomwelo.

Sony ndi Microsoft ataona msika ukupita kwa mnzawo, onse anayankha m'chaka cha 2010. Vuto linali loti makina awo, PlayStation 3 ndi Xbox 360, anali atagulidwa kale m'nyumba za anthu kwa zaka zinayi kapena zisanu. Sakanatha kuwasintha, choncho anapanga zowonjezera. Cha Sony, PlayStation Move, chinatuluka mu Seputembala: kandodo kokhala ndi kampira kowala kunsonga, ngati maikolofoni ya pa ukwati. Kamera ya pamwamba pa TV inkatsatira kampirako. Kakaoneka kakakulu ndiye kuti dzanja lili pafupi, kakachepa ndiye kuti lapita kutali. M'kati munalinso gyroscope yomva mmene mwapotolera dzanja. Pa kulondola, Move inkaposa zinzake.

Microsoft inapita patali kwambiri: inachotseratu chogwira m'manja. Kinect, imene inatuluka mu Novembala 2010 pa mtengo wa madola 150, inagwiritsa ntchito luso la kampani ya ku Israel yotchedwa PrimeSense. Pa timaso titatu tija, kamodzi kamamwaza timadontho masauzande ambiri ta kuwala kwa infrared m'chipinda chonse, ngati munthu wawaza mapira pabwalo. Kachiwiri kamayang'ana mmene timadonthoto tagwera. Popeza makinawo akudziwa kale mmene timadontho tiyenera kuonekera pa khoma lafulati, tikasuntha pang'ono chifukwa tagwera pa chifuwa kapena pa bondo la munthu, amawerengetsa mtunda wa malo aliwonse. Kachitatu ndi kamera wamba. Kuchokera pamenepo, pulogalamu imalota kuti apa ndi mutu, apa chigongono, apa chiuno, n'kumanga kachigoba ka mafupa kokhala ndi mfundo 20, ndipo imachita zimenezi maulendo 30 pa sekondi imodzi. Ndimakaona kachipangizo ka alamu anga kali ndi fumbi, n'kumaganiza za nzeru zimene zatsekeredwa m'menemo.

Si kuti 2010 kanali koyamba. Mu 1989 kampani ya zidole ya Mattel inagulitsa Power Glove, golovesi yovala kudzanja posewera makina a Nintendo a nthawi imeneyo. Inaoneka yochititsa kaso pa zotsatsa malonda, koma magemu opangidwira iyoyo anali awiri okha, ndipo sinachedwe kuzimiririka. Mu 2003 Sony inatulutsa EyeToy, kakamera ka PlayStation 2, kamene kanagulidwa koposa 10 miliyoni. Nako kanasangalatsa ana pa Khirisimasi zingapo kenako kanaiwalika.

Minibasi yosadzaza

Poyamba Kinect inaoneka ngati yathyola mwambo umenewu. M'masiku 60 oyambirira inagulidwa yokwana 8 miliyoni, mpaka kulowa m'buku la Guinness ngati chipangizo chamagetsi chogulidwa mofulumira kuposa china chilichonse panthawiyo. Pofika mu Febuluwale 2013 Microsoft inalengeza kuti yagulitsa ma Kinect 24 miliyoni. Sony nayo inanena mu Novembala 2012 kuti ma Move afika 15 miliyoni. Wamalonda aliyense akhoza kuvina ndi manambala otere.

Koma tawaikani pafupi ndi manambala ena. Nthawi imene Kinect inali pa 24 miliyoni, ma Xbox 360 ogulidwa anali 76 miliyoni. Ndiye kuti pa anthu atatu alionse okhala ndi makinawo, awiri analibe kamera. Kwa Sony kunali koipirapo: ma PlayStation 3 anali 70 miliyoni, ma Move 15 miliyoni, ndipo nyumba zambiri zinagula tindodo ta Move tiwiritiwiri kuti azisewera awiri, kutanthauza kuti nyumba zenizeni zokhala ndi Move zinali zochepa kuposa pamenepo.

Tsopano dziikeni m'malo mwa kampani yopanga gemu. Gemu yaikulu imadya zaka zingapo ndi madola mamiliyoni ambiri isanatuluke. Mukaipanga yofuna padi wamba, aliyense wa anthu 76 miliyoni aja akhoza kuigula. Mukaipanga yofuna kamera, mwadzitsekera nokha makasitomala awiri pa atatu alionse musanagulitse n'komwe. Ndani angachite zimenezo? Ndiye opanga magemu amadikira kuti ogula kamera achuluke kaye. Ogula nawo amadikira kuti magemu abwino achuluke kaye.

Aliyense amene anakwerapo minibasi pa depoti ya Zomba kupita ku Limbe kapena ku Liwonde akuidziwa nkhani imeneyi. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo wokwera wochenjera salowa minibasi yopanda anthu poopa kuuma pampando maola awiri. Eni ake anapeza njira yake: amakhazikamo anyamata angapo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo mukangokhala pansi mumaona akutsika mmodzimmodzi. Makampani a makina amachitanso chimodzimodzi. Pa tsiku lotulutsa chipangizo, amadzazamo magemu awoawo kapena amene alipirira: Kinect Adventures imene inkabwera m'bokosi, Kinect Sports, Dance Central, ndipo kwa Sony kunali Sports Champions. Zikuoneka ngati ulendo wayandikira. Koma magemu akuluakulu amene anthu amagulira makina, a mpira, a nkhondo, a magalimoto, amakhala panja atapinda manja, kudikira aone ngati minibasiyo idzazedi.

Akalowa, amalowa ndi phazi limodzi. Chitsanzo chabwino kwa ife ndi gemu ya mpira ya FIFA, imene tsopano ikutchedwa EA Sports FC, yomwe ndi imene imadyetsa mashopu a magemu ambiri kuno. FIFA 13, ya m'chaka cha 2012, inalola Kinect. Koma simunkamenya mpira ndi mwendo ayi. Kinect inkangomvetsera mawu kudzera m'maikolofoni ake: mukhoza kuiuza pakamwa kuti isinthe wosewera kapena isinthe kaimidwe ka timu, zinthu zimene batani limachita kale. Opanga gemuyo sakanalola kuti munthu wopanda kamera aluze kanthu, ndiye chilichonse chimene anapatsa kamera chinayenera kukhala chosafunikira. Apa ndi pamene chipangizo chogula padera chimakodwa: gemu ikachidalira kwambiri imasowa ogula, ikapanda kuchidalira ndiye kuti wogula alibe chifukwa chochigulira.

Microsoft inaona msampha umenewu ndipo inayesa kuudumpha mwa mphamvu. Potulutsa Xbox One mu Novembala 2013, inaika Kinect yatsopano m'bokosi lililonse, ufune usafune. Maganizo ake anali omveka: aliyense akakhala nayo, opanga magemu sadzaopanso. Kamera yatsopanoyi inali yabwinonso kuposa yoyamba, inkayeza mtunda powerengera nthawi imene kuwala kwatenga kupita ndi kubwerera. Koma inakweza mtengo wa makinawo kufika madola 499, pomwe PlayStation 4, imene inatuluka mwezi womwewo, inali pa madola 399. Anthu anafunsa kuti alipirirenji madola 100 owonjezera pa chinthu chimene sanapemphe. Chinanso, chaka chimenecho n'chomwe Edward Snowden anaulula za mmene boma la America linkazondera anthu pa intaneti, ndiye kamera ndi maikolofoni zokhala tcheru pabalaza sizinawakomere ambiri. Pofika mu Juni 2014 Microsoft inayamba kugulitsa Xbox One yopanda Kinect pa madola 399. Opanga magemu anamva uthengawo. Xbox One S ya 2016 inabwera ilibe n'komwe pobayira Kinect, pokhapokha mutapeza adaputa, ndipo mu Okutobala 2017 kupanga ma Kinect kunaimitsidwa, atagulitsa pafupifupi 35 miliyoni onse pamodzi.

Thupi nalo lili ndi zonena zake

Tisanamizire manambala okha. Ngakhale aliyense akanakhala ndi kamera, pali zina zimene chala chimachita bwino kuposa thupi lonse.

Taimani kumbuyo kwa anyamata awiri akumenya mpira pa PlayStation m'kashopu ka alamu anga. Matupi ali duu pa benchi, maso pa sikirini, koma zala zikuthamanga ngati za woimba bangwe. Batani likadinidwa, makina amadziwa pomwepo, ndipo palibe zokayikitsa: ladinidwa kapena silinadinidwe. Chala nacho chimamva kuti ladinika. Kamera ilibe mwayi umenewo. Iyenera kujambula, kuwerengetsa, kulota kuti mkono uli pati, kenako kudikira kuti ione ngati mukuponya chibakera kapena mukungokanda m'mutu. Zonsezi zimadya kagawo ka sekondi, ndipo pa gemu ya mpikisano kagawo kameneko ndi kusiyana kwa chigoli ndi kuphonya. Ikalakwitsa, wosewera sadziwa ngati walakwa ndi iye kapena makina. Pa gemu yovina palibe amene amadandaula, onse akuseka. Koma kumene woluza ndi amene amalipira gemu, monga anyamata ambiri amapanganirana, palibe amene angavomere kuluza chifukwa kamera sinaone mwendo wake. Pangabuke ndewu.

Ndiye pali kutopa. Mnyamata akhoza kukhala pa benchi kuyambira masana mpaka alamu anga atatseka, bola m'thumba muli kanthu. Koma wolumpha ndi kuponya manja m'kachipinda ka malata, mu Okutobala dzuwa la ku Zomba likuswa mtengo, mphindi khumi n'zambiri. Watuluka thukuta, wakhuta, wapita. Kwa mwini shopu ameneyo ndi kasitomala wotayika. Kwa kampani yopanga magemu n'chimodzimodzi: munthu wosewera kamodzi pa mwezi alendo akabwera sagula magemu atsopano kawirikawiri. Ena mwa ogula Wii kapena Kinect anakhutira ndi gemu ya m'bokosi ndi ina imodzi kapena ziwiri, ndipo pamene mafoni amakono anafalikira ndi magemu ake aulere, anthu omwewo anasamukira kumeneko osatsanzika.

Za malo ndiye alamu anga ananena kale. Malangizo a Kinect yoyamba ankati wosewera mmodzi aime pafupifupi mamita 1.8 kuchokera pa kamera, awiri aime mamita pafupifupi 2.4, pakati popanda tebulo kapena mpando. Ndi nyumba zingati za lendi ku Chikanda, ku Sadzi kapena ku Matawale zimene zili ndi balaza lotere lopanda kanthu? Ngakhale ku Japan ndi ku Ulaya, kumene nyumba za m'tauni ndi zazing'ono, anthu ankadandaula zomwezi. Kuwala kwa dzuwa nako kuli ndi infrared yambiri, moti kukalowa pa chitseko kumafufuta timadontho tija, kamera n'kuchita khungu. Alamu anga ankachita kutseka chitseko ndi kupachika chitenje pa windo, m'kati n'kumatentha ngati uvuni ya njerwa. Mwana wina akangodutsa kumbuyo kwa wosewera, kamera inkasokonezeka n'kuyamba kutsatira wodutsayo. Ndipo kuuza ana a ku Chinamwali kuti asadutse pamene pali chionetsero chaulere, n'kutaya malovu.

Zimene zinapulumuka

Komabe si zonse zinathera pa shelefu mofanana, ndipo zimene zinachita bwino zili ndi kakhalidwe kofanana.

Chakumapeto kwa 2007 Nintendo inatulutsa Wii Fit ku Japan, ndipo mayiko ena anailandira mu 2008. M'bokosi munali gemu ndi kathabwa koyera koimapo, kokhala ndi zoyezera kulemera m'makona ake anayi, ngati masikelo anayi olumikizidwa. Kankadziwa ngati mwatsamira kumanzere kapena kumanja. Chinali chipangizo chogula padera, chodula, chofuna malo, koma Wii Fit inagulidwa yoposa 22 miliyoni. Mu Okutobala 2019 kampani yomweyi inabwereza ndi Ring Fit Adventure ya makina a Switch: chingelengele cholimba chofinya ndi manja, ndi lamba womanga pa ntchafu. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, chinasowa m'masitolo, ndipo chagulidwa choposa 15 miliyoni.

Kusiyana kwake ndi Kinect kuli pa chimene wogula analonjezedwa. Wogula Kinect anauzidwa kuti akugula tsogolo la magemu onse, ndiye ankayembekezera magemu atsopano chaka ndi chaka, ndipo atasiya kubwera anamva kuti wapusitsidwa. Wogula Wii Fit sanagule kathabwa n'kumadikira. Anagula ntchito imodzi yodziwika, kulimbitsa thupi pabalaza, ndipo zonse zofunika zinali m'bokosi limodzi. Minibasi iyi sinkafunika kudzaza: inali ngati kabaza, mwakwera nokha, mwanyamuka. Ngakhale kampani ina iliyonse ikanapanda kupangira kathabwako gemu, wogula anali atalandira kale chimene analipirira.

Njira imeneyi nayo ili ndi malire. Magitala apulasitiki a gemu ya Guitar Hero, amene anayamba mu 2005, anagulidwa kwambiri mwa njira yomweyi, mpaka kampani yake inadzaza msika ndi mitundu yambirimbiri, anthu anatopa, ndipo mu 2011 inaimitsa. Chipangizo cha ntchito imodzi chimakhala ndi moyo wautali ngati chilakolako cha ntchitoyo, basi.

Njira ina yopulumukira ndi yosaoneka bwino, koma ine ndimaiona ngati yaikulu kuposa zonse: chipangizo chimasiya kukhala chapadera n'kumezedwa. Mu 2009 Nintendo inatulutsa Wii MotionPlus, kabokosi kobayira kumunsi kwa rimoti, kokhala ndi gyroscope kuti rimotiyo izimva bwino kupotoka kwa dzanja. Inakagulitsa pamodzi ndi gemu ya Wii Sports Resort, ndipo chaka chotsatira inangokalowetsa m'kati mwa rimoti zatsopano. Lero mapadi a PlayStation 4, PlayStation 5 ndi Switch onse ali ndi tizipangizo timeneti m'kati. Anyamata a m'shopu ya alamu anga amagwira luso lomva kuyenda m'manja tsiku lililonse osadziwa. Limagwira ntchito zazing'ono, monga kuwongola cholozera mwa kupendeketsa padi pang'ono, zimene gemu ya Splatoon ya 2015 inazolowetsa anthu ambiri. Palibe kulumpha, palibe thukuta, palibe kusuntha mipando. Nayo gemu yovina ya Just Dance, imene inayamba pa Wii mu 2009, inapeza njira yachidule: m'malo mwa kamera, imalola wovina kugwira foni yake m'dzanja, popeza foniyo ili kale ndi zomvera kugwedezeka.

Zipangizo zija zimene zinalephera pabalaza zinakapeza ntchito kwina. Tindodo ta Move tinaukitsidwa mu Okutobala 2016 pamene Sony inatulutsa PlayStation VR, magalasi ovala kumaso amene amakulowetsa m'kati mwa gemu. Kumeneko manja ako amafunika kuoneka, ndiye kandodo kanakhala ndi chifukwa chenicheni. Koma magalasiwo nawo ndi chogula padera, ndipo anakumana ndi minibasi yomwe ija: pofika kumayambiriro kwa 2020 anali atagulidwa 5 miliyoni, pamene ma PlayStation 4 anali atadutsa 100 miliyoni. Kinect nayo, patangopita masiku ochepa itatuluka, anthu okonda kusula mapulogalamu anapeza njira yoilumikizira ku kompyuta wamba. Kamera yoyeza mtunda pa madola 150 inali yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi zimene ofufuza ankagwiritsa ntchito kale, ndiye inalowa m'mayunivesite, pa maloboti, ndi m'kafukufuku wa zolimbitsa thupi za odwala. Apple inagula PrimeSense mu 2013, ndipo mu 2017 iPhone X inabwera ndi Face ID, imene imamwaza timadontho ta infrared pankhope ya mwini foni kuti imuzindikire. Ndi nzeru yomwe ija ya mapira omwazidwa pabwalo, yochepetsedwa mpaka kukwana pamwamba pa sikirini ya foni.

Kwa ife kuno pali chinanso chimene mayiko opanga zinthuzi saganizira. Zambiri zimatifika zitagwiritsidwa kale ntchito, patapita zaka, nthawi imene kwawoko magemu ake anasiya kupangidwa. Ndiye wogula wa ku Zomba amalandira chipangizo chili chamasiye. Makina enieniwo, PlayStation kapena Xbox, amapirira zimenezi chifukwa magemu ake ndi ambiri ndipo amisiri okonza mapadi amapezeka. Chowonjezera sichipirira. Move imafuna kamera yake ndi batire la m'kati limene limafooka ndi zaka. Kinect ikamalumikizidwa ku Xbox 360 ya mtundu woyamba imafuna adaputa yakeyake ya magetsi, pamene mtundu wochepa thupi wa 2010 uli ndi pobayira pake. Wogulitsa za kaunjika sadziwa zimenezi, ndipo nthawi zambiri kamera imabwera yokha, adaputa inatsala kutsidya kwa nyanja. Ndikanati ndilangize munthu amene waiona pa msika, ndikanati aone kaye ngati pali chimbale cha gemu yake pomwepo, aiyese ikugwira, ndipo adzifunse ngati gemu imodzi imeneyo payokha ikukwana mtengo umene akutchulawo. Ya ana kunyumba pa tchuthi, kapena ya phwando la achinyamata ku holo ya tchalitchi kumene malo ndi ambiri, ikhoza kukwana. Ya bizinesi yolipiritsa pa gemu, funsani alamu anga.

Mwezi watha kunabwera mnyamata wina wophunzira za makompyuta ku yunivesite, wokhala ku Chikanda. Sanabwere kudzasewera. Anangoloza pa shelefu n'kufunsa kuti, "Bwana, kameneko mukugulitsa?" Ankafuna kukalumikiza ku laputopu yake pa ntchito ina ya kusukulu yoyeza kayendedwe ka munthu. Alamu anga anakwera pa benchi, anakatsitsa, anakapemerera fumbi mpaka anyamata a mpira anayetsemula n'kudandaula kuti awaphonyetsa penate. Anagwirizana mtengo msanga. Kenako mnyamatayo anatembenuza waya n'kuona kunsonga kwake, n'kunena kuti popanda adaputa sikangalowe pa laputopu.

Alamu anga anakhuthula katoni yonse ya mawaya akale pansi. Mpaka pano akufunafunabe.